Mwana wasankhidwa ku koleji: kodi ka Vitz apite nako?

Tsiku limene mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma anatuluka, pakhomo pa mlongo wanga ku Bembeke panali nthungululu moti amayi ena anachoka ku dimba kudzafunsa ngati kwabadwa mwana. Mnyamata wake woyamba anali atapeza malo ku Zomba. Madzulo tili pamoto, poti kuno dzuwa likangolowa mphepo siinyengerera, alamu anga anatulutsa za kumtima kwawo.

"Alamu, mwanayu watichotsa manyazi. Ka Vitz kaja kangokhala pansi pa mtengo chigulireni lole ya mbatata. Bwanji akatenge, azikayendera kusukuluko ngati ana a mabwana?"

Mnyamatayo anayamba kusekerera yekha. Ine monga malume wake ndinafunsa chinthu chimodzi: "Nanga usiku kazikagona kuti?" Palibe anayankha. Mayi ake anangosonkhezera moto.

Nkhaniyi siili pakhomo pathu pokha. Chiyambire kubwera kwa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, odzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, mabanja ambiri ochita geni ya mbatata, kabichi ndi tomato ku Lizulu, ku Tsangano ndi kuno kwathu ali ndi kagalimoto kena pakhomo. Mwana akakhoza, mtima wa kholo umafuna kumupatsa chinthu chooneka ndi maso. Ndiye tiyeni tiziike njira zonse pamphasa, tione iliyonse kulemera kwake.

Yambani mwadziwa kumene mwana azikagona

Anthu timayamba ndi funso la galimoto, pamene funso lenileni ndi mtunda wa pakati pa bedi la mwana ndi kalasi yake. Mtunda umenewu ukadziwika, theka la mkangano latha.

Ku Zomba, wophunzira amene wapeza malo m'mahositelo a pa Chirunga, pomwe pali yunivesiteyo, safuna chokwera chilichonse. Kalasi, laibulale ndi kogula chakudya zonse n'zofikika wapansi. Amene sanapeze malo, ndipo ndi ambiri chifukwa mahositelo a m'mayunivesite athu sakwanira, amakachita lendi ku Chikanda ndi madera ena oyandikira, komwenso anthu amayenda wapansi tsiku ndi tsiku. Tinjira ta kumeneko n'topapatiza, nyengo ya mvula n'tamatope, ndipo galimoto imachedwa kuposa munthu wa miyendo iwiri.

Ku MUBAS, imene tinkaitcha Poly isanaime payokha mu 2021, nkhani ndi ina pang'ono. Sukulu ili m'mphepete mwa msewu wa Masauko Chipembere, pakati pa mzinda wa Blantyre, ndipo ophunzira amabalalika ku Chitawira, Nkolokosa, Zingwangwa mpaka ku Ndirande. Koma kumeneko ndi kumenenso maminibasi ndi kabaza sizisowa. Ku Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda wa Lilongwe panjira ya ku Mitundu, ndi ku MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, sukulu zili kwazokha. Wina anganene kuti kutalikirako ndiye chifukwa chokhalira ndi galimoto. Ine ndimaona mosiyana: kumalo otere moyo wonse wa wophunzira uli pasukulu pomwepo, ndipo galimoto ntchito yake imangokhala yomuchotsa pamene anayenera kukhala.

Tisaiwale makoleji a kwathu konkuno. Atsikana a pa St Joseph's ku Bembeke, ophunzira zauphunzitsi, amagonera pomwepo. Ophunzira za nkhalango ndi nyama zakutchire ali m'kati mwa nkhalango ya Chongoni. Ku Ntcheu kuli Lakeview, nthambi ya yunivesite ya Adventist. Kwa mwana wogonera pasukulu ngati zimenezi, masiku amene amafunadi chokwera ndi owerengeka pa zala: lotsegulira, lotsekera, ndi pamene kwagwa zovuta kumudzi.

Galimoto yakeyake

Ubwino wake palibe angautsutse. Mwana sanyowa ndi mvula, sadikira minibasi kuti idzaze, akadwala usiku amafika kuchipatala msanga, ndipo pobwera ku holide amanyamula katundu yense ulendo umodzi. Kwa mtsikana, makolo amaonjeza kuti sakhala akupempha malifiti kwa azibambo osawadziwa, ndipo mantha amenewo ndimawamvetsa.

Koma walira mvula walira matope. Galimoto isanatuluke pageti pafunika layisensi ya mwanayo, ndipo ya galimoto yaing'ono munthu amaitenga atakwanitsa zaka 18. Ana ambiri olowa chaka choyamba zakazo angozikwanitsa kumene, kapena sanafike n'komwe. Kuti aipeze pafunika sukulu yoyendetsa, mayeso, ndi maulendo opita ku ofesi ya Road Traffic, imene kwa ife a ku Dedza yapafupi ndi ya ku Lilongwe. Kuphunzira chiwongolero pabwalo la mpira kumudzi sikuwerengedwa pa rodibuloko. Kenako pali inshulansi, imene lamulo limakakamiza ngakhale yotsikitsitsa ija yongolipira amene mwamuvulaza kapena kumuwonongera katundu. Pali COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, yofunika kuikonzanso chaka ndi chaka. Zimenezi zikatha mwana ali ku Zomba pakati pa mayeso, adzathamangira ndani? Akakumana ndi atrafiki pepala litatha, chindapusa chimachoka pa ndalama ya ndiwo.

Mafuta ndiye mutu waukulu. Kuchokera pa Dedza boma kukafika ku Zomba, kudzera pa Ntcheu, Balaka ndi Liwonde, ndi makilomita opitirira pang'ono 200. Kupita ndi kubwera ndi 400. Kagalimoto kakang'ono kosamwa kwambiri tingakapatse malita 7 pa makilomita 100 aliwonse, ndiye kuti ulendowo ndi malita 28. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 lita imodzi. Pa mtengo umenewo ulendo umodzi wokha unali wopitirira K70,000, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mtengo wakweranso. Tengani mtengo wa lero, muchulukitse ndi 28, kenako mufunse pa siteji kuti basi ya ku Zomba ndi zingati. Kusiyana kwake mudzakuona nokha. Apo sitinawerengere zipata za pa M1, cha Chingeni chimene chinayamba kulipiritsa mu 2021 ndi cha Kalinyeke chimene chinatsatira mu 2022. Ife a ku Dedza ndi Ntcheu zipatazi zili m'khonde mwathu, kuzizemba n'kovuta.

Ndipo mafutawo si nthawi zonse amapezeka. Amene anagona pa mizere kumapeto kwa 2024 akukumbukira. Munthu wamkulu wapantchito amapempha bwana kuti akasake mafuta. Mwana wa chaka choyamba akakhala pamzere kuyambira m'bandakucha mpaka masana, ndiye kuti makalasi awiri apita, ndipo mphunzitsi wa ku yunivesite sabwereza phunziro chifukwa cha munthu mmodzi.

Za oyilo, matayala, mabuleki ndi batire sindinena zambiri. Galimoto yakale siipempha chilolezo ikafuna kufa. Kuno alamu anga ali ndi makaniko wawo amene amakadziwa ka Vitz kaja ngati mwana wake, ndipo nthawi zina amakonza pangongole. Ku tauni yachilendo, mnyamata wa zaka 19 wosadziwa kusiyanitsa pulagi ndi fyuzi akalowa pa galaja, amalipira mtengo wa munthu wosadziwa.

Palinso msewu weniweniwo. M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu si msewu wophunzirirapo. Miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imatsika m'mawa moti nyali za lole umaziona itakufika kale. Pa Lizulu, pamene mbali ina ya msewu ndi Malawi ina ndi Mozambique, tsiku la msika anthu, njinga, mbuzi ndi madengu a tomato zonse zimakhala mumsewu. Malole akuluakulu ochokera ku chipata cha Dedza sapatukira munthu. Dalaivala wa miyezi itatu kumuika pamenepo yekha, atatopa ndi mayeso, akuthamangira kwawo, ine mtima sundilola.

Chimene makolo sawerengera

Ndalama tingaziwerenge papepala. Chovuta kuwerenga ndi chimene galimoto imamusandutsa mwana pakati pa anzake. Wophunzira wa chaka choyamba, amene akuluakulu ake pasukulu amamutcha yearo, amafika asakudziwa aliyense. Akafika ndi makiyi m'manja, sabata isanathe ali ndi abwenzi khumi, ndipo sadziwa kuti mwa khumiwo ndani wakonda iye, ndani wakonda mpando wakutsogolo. Amasanduka dalaivala wa hositelo yonse. Wina akufuna ku depoti, wina ku msika, wina wadwala m'mimba pakati pa usiku, ndipo kukana n'kovuta poti mwana wathu tinamulera kuti asamakanize anthu. Mafuta amathira ndi iye. Anzakewo amalonjeza kuti asonkha, koma malonjezo a wophunzira tonse timawadziwa.

Lachisanu likafika pamabwera maganizo a kunyanja. Kuchokera ku Zomba, Mangochi si kutali. Kuchokera ku Bunda, tauni ikuitana. Pobwerera usiku aliyense walawako, ndipo woyendetsa ndi mwana wanu. Pamabweranso mnzake wonena kuti "aise, ndibwereke ndingofika apa," wopanda layisensi, ndipo akagunda munthu apolisi amafuna mwini galimoto, amene dzina lake lili pamapepala ndi bambo ali phee ku Bembeke akupopera mbatata.

Chaka choyamba ndi chimene ana ambiri amapunthwa. Kusekondale ankadzutsidwa ndi belu, kuno palibe womudzutsa. Akalephera phunziro amalemba sapu, mayeso obwereza aja, akalephera kwambiri amawidwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu, n'kubwerera kumudzi ndi sutikesi. Si galimoto yokha imene imagwetsa ana, ambiri amawidwa alibe ngakhale njinga. Koma sindiona chifukwa chomuonjezera mwana katundu pa chaka chimene akuphunzira kudzisenza yekha.

Pali kanthu kenanso kamene ndinawauza alamu anga mosabisa. Ngati banja likufuna kupempha ngongole ku bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede, dziwani kuti ndalamazo anaziikira ana osowa. Kulemba pafomu kuti fizi yatikanika, mwana n'kumafika pakalasi akuliza hutala, ndi zinthu ziwiri zosayendera limodzi.

Nanga kazikagona kuti?

Tiyerekeze kuti zonsezi mwazimva koma mwatsimikiza kuti galimoto ipite. Masana si vuto kwenikweni. Vuto ndi maola a pakati pa 10 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa.

Malo oyamba amene aliyense amaganiza ndi pasukulu pomwepo. Kumeneko kuli geti, alonda ndi magetsi, ndipo mwa malo onse ndi amene ndingawakhulupirire kwambiri. Koma malo oimikapo magalimoto m'makoleji athu anawakonza poganizira aphunzitsi, ogwira ntchito ndi alendo. Musangoganiza kuti mwana akaimika paliponse. Pitani ku ofesi yoona za ophunzira kapena kwa mkulu wa alonda, mufunse zinthu zitatu: kodi wophunzira amaloledwa kugoneka galimoto pasukulu, kodi pafunika kuilembetsa, ndipo chikabedwa chinthu mlandu ndi wa yani. Yankho la funso lachitatu kawirikawiri silisangalatsa, poti mlonda analembedwa kulondera katundu wa sukulu, osati wa mwana wanu. Komanso njira imeneyi imakoma kwa amene akugona m'hositelo ya pasukulu, yemwe ndi munthu amene galimotoyo sakuifuna n'komwe. Wa ku Chikanda akaisiya pasukulu n'kuyenda wapansi kupita kogona, ndiye kuti galimoto yabwera kudzatani?

Malo achiwiri ndi kumpanda kwa landilodi. Apa m'pofunika kukaona ndi maso, osamvera pafoni. Nyumba zambiri zochititsa lendi ophunzira anazimanga mothinana kuti zipinda zichuluke, ndipo bwalo limene latsala ndi loyanikapo zovala. Ena mpanda ali nawo koma geti ndi la munthu wapansi. Kumene galimoto ingalowe, funsani ngati geti limakhomedwa, amasunga kiyi ndani, ndipo limatsekedwa nthawi yanji, chifukwa mwana wochokera ku laibulale usiku akapeza atakhoma, galimoto igona panja. Landilodi wina amaonjeza kangachepe pa lendi, ndipo ndi bwino zimenezo zilembedwe. Nyumba ya mpanda wabwino imakhalanso yodula, mwinanso yotalikira sukulu, ndiye muone mmene zimazungulirira: mwatengera mwana nyumba yakutali kuti galimoto ipeze pogona, kenako galimotoyo ikufunika chifukwa nyumba ili kutali.

Malo achitatu ndi omwe madalaivala a m'tauni amawadziwa bwino: pamalo omwetsera mafuta, kapena pabwalo lina lotchingidwa pamene mlonda amalandira kenakake usiku uliwonse. Pamawala, pamakhala anthu usiku wonse, ndipo mbava siikonda malo otere. Kuipa kwake n'kwakuti pangano limakhala la pakamwa ndi mlondayo, osati ndi eni malo. Mlonda akasinthidwa, watsopano sakudziwani. Ndalama ya usiku umodzi imaoneka yochepa, koma muichulukitse ndi masiku a semesita yonse. Ndipo mwana akaimika pamenepo ayenera kuyenda wapansi mumdima kukafika kogona, laputopu ili kumsana. Galimoto yatetezeka, mwini wake ndiye ali pangozi.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi galimoto yanga yomwe, zaka zapitazo ndikuchita maphunziro a kumapeto kwa sabata mu mzinda wina. Ndinkaisiya pabwalo lina lotere. Tsiku lina m'mawa ndinapeza galasi la m'mbali palibe, batire palibe, mawaya ali lendelende. Mlonda anati iye wangolowa kumene, mnzake wausiku wapita. Eni malo anandionetsa chikwangwani chimene ndinali ndisanachiwerengepo, chonena kuti aliyense woimika galimoto pamenepo akudziikira yekha. Kalasi ya tsikulo inandipita ndili kusaka batire.

Malo achinayi ndi kwa wachibale kapena kutchalitchi. Ngati kuli azakhali okhala ndi mpanda mu mzinda womwewo, galimoto ingakhale kumeneko, mwana n'kumakaitenga pakafunika. Mwa njira zonse zopita ndi galimoto, iyi ndiyo ndimaiona yanzeru, chifukwa makiyi amakhala ndi munthu wamkulu amene angafunse kuti "ukupita kuti usiku uno?" Koma konzekerani kuti azakhaliwo nawonso adzaifuna popita ku maliro ndi ku chigayo, ndipo tsiku lina padzakhala kukangana za amene anamaliza mafuta. Chibale chimatha kuzizira chifukwa cha geji. Kutchalitchi abusa kapena ansembe angalole kwa masiku ochepa, koma si malo oti mukhazikikepo chaka chonse.

Kuimika pamsewu kutsogolo kwa nyumba sindikuwerengera ngati njira. Magalasi, nyali, batire ndi wailesi zimapita usiku umodzi. M'kati mwa mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ngakhale masana makhonsolo amalipiritsa poimika m'misewu ya pakati pa tauni, ndiye mwana akapita kukagula buku aziyembekeza kutulutsa kena.

Malo otsiriza ndi pansi pa mtengo womwe uja, kumudzi. Palibe cholipira. Chofunika n'kuiliza ndi kuiyendetsako kamodzi pa sabata, chifukwa kuzizira kwa kuno kumapha batire ya galimoto yongokhala, ndipo makoswe akapeza injini yofunda yosagwedezeka amamangamo banja n'kudya mawaya.

Njira zina

Njinga yamoto anyamata amaikonda, ndipo pa mafuta ndi yopepuka kwambiri poyerekeza ndi galimoto. Imalowa m'tinjira ta matope, imagona pakhonde kapena m'chipinda momwe. Koma nayonso imafuna layisensi yake, kulembetsa, inshulansi ndi chipewa, zinthu zimene ambiri okwera ma Lifo m'midzi mwathu amazinyalanyaza mpaka tsiku limene apolisi achita chipikisheni. Imabedwa mosavuta kuposa galimoto, poti anthu awiri amatha kuinyamula. Choopsa chachikulu ndi thupi la mwana. Aliyense amene analowapo m'chipinda cha othyoka mafupa pa chipatala chachikulu chilichonse m'dziko muno akudziwa kuti ambiri ogona m'menemo anagwa pa chiyani. Palinso yesero lina: mwana akaona kuti madzulo awiri a kabaza akumupatsa ndalama ya sabata, mabuku amayamba kuchepa mphamvu. Ndingaivomere kwa wophunzira wokhwima amene akuchokera kunyumba tsiku ndi tsiku pamsewu wafumbi, mwachitsanzo wa ku koleji ya ntchito zamanja ya m'dera lake. Kwa yearo wa mu mzinda, ayi.

Njinga yakapalasa anthu amaiderera, koma pa mtunda wa makilomita awiri kufika asanu palibe choiposa. Siimwa mafuta, siifuna pepala lililonse, wokonza amapezeka pansi pa mtengo uliwonse, ndipo usiku imagona pafupi ndi bedi. Imafuna loko wolimba ndi nyali basi. Kwa ophunzira zauphunzitsi, ikafika nthawi yokaphunzitsa moyeserera ku sukulu za pulayimale za kumidzi, njinga ndiyo mfumu. Ku Zomba ndi ku Bunda imayenda bwino. Ku Blantyre, ndi zitunda zake ndi maminibasi opanikiza, pafunika mtima. Vuto lake lalikulu ndi manyazi: mwana amene anzake akumudziwa kuti kwawo kuli lole safuna kuoneka akupalasa. Manyazi amenewo amatha sabata ziwiri.

Kabaza, minibasi ndi ma Sienta ndizo zimanyamula ophunzira ambiri m'dziko muno, ndipo amamaliza sukulu bwinobwino. Ubwino wake ndi woti umalipira tsiku limene wakwera lokha. Ukakhala m'chipinda kuwerenga, palibe chikudya ndalama panja. Kuipa kwake tonse tikukudziwa: kudikira kuti idzaze, kuthinana anayi pampando wa atatu, mitengo kukwera mafuta akasowa, ndi kusowa chokwera usiku. Njira yochepetsera mavutowa ndi kukhala ndi wakabaza mmodzi kapena awiri odziwika, a pa siteji yodziwika, nambala zawo zili m'foni, makamaka kwa mtsikana. Ulendo wautali wobwera kumudzi, basi yaikulu ndi yabwino kuposa Sienta yothamanga ngati yaba. Mwayi wathu ndi woti M1 yatidutsa pakhomo. Wa ku Ntcheu boma, wa pa Mlangeni, wa pa Lizulu, wa pa Bembeke, aliyense amangoima pamsewu n'kukweza dzanja. Amene ali ndi chifukwa chodandaula ndi a kutali ndi tala, monga a ku Mayani, a ku Kasumbu kapena a m'kati mwa Tsangano, koma ngakhale iwowo vuto lawo ndi la masiku anayi kapena asanu ndi limodzi pa chaka.

Masiku amenewo ndi amene galimoto ya pakhomo imagwira ntchito yake yeniyeni. Tsiku lotsegulira mwana ali ndi matiresi, ndowa, mbaula kapena hotipuleti, thumba la ufa, nyemba ndi mbatata ya kachewere yoti akadye mwezi wathunthu. Pamenepo bambo amunyamule, akamutule, aone chipinda ndi maso awo, apatsane moni ndi landilodi, galimoto ibwerere tsiku lomwelo. Potsekera chimodzimodzi, kapena mabanja awiri atatu a dera limodzi amene ana awo ali sukulu imodzi asonkherane mafuta. Mwana wapeza ubwino wonse wa galimoto pa tsiku limene imafunikadi, popanda kuisenza miyezi inayi.

Ndipo ndalama imene ikanapita ku mafuta, inshulansi ndi mlonda ili ndi kolowera kwabwino: chipinda choyandikira sukulu, chokhala ndi madzi ndi loko wabwino, ngakhale chikhale chodulirapo. Laputopu yosazimazima. Bandulo ya intaneti. Chakudya chokwanira, poti ana ambiri kumakoleji amagona ndi njala mwezi ukapendekeka, ndipo njala imagwetsa mayeso kuposa kuyenda wapansi.

Amene galimoto iwayenera

Sindikunena kuti aliyense wa chaka choyamba asakhale nayo. Alipo amene ndingawauze kuti atenge osacheuka. Mphunzitsi kapena namwino wa ku Dedza amene walowa yunivesite ali wamkulu kale, akuphunzira Loweruka ndi Lamlungu ku Lilongwe, makilomita 85 kuchokera pa boma, Lolemba n'kukhala ali pantchito, ameneyo galimoto ndi khasu lake. Amaidziwa, amadzilipirira mafuta, ndipo imagona kunyumba kwake. Wophunzira wolumala miyendo amene minibasi ndi kabaza zimamuzunza, ameneyo banja likakhala nayo galimoto limupatse, ndipo sukulu iuzidwe msanga kuti imupezere poimika pafupi ndi makalasi. Mayi wa mwana wamng'ono amene akuchokera kunyumba, kapena wophunzira amene akusamalira kholo lodwala, nawonso nkhani yawo ndi ina. Onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: galimoto ikuchotsa vuto limene lilipo kale, ndipo ili ndi pogona podziwika.

Kwa ena onse, funso likhoza kudikira mpaka chaka chachitatu kapena chachinayi, pamene mwana akupita kukaphunzira ntchito m'makampani kapena kukachita kafukufuku m'midzi. Pofika pamenepo tauni akuidziwa, anzake enieni akuwadziwa, makaniko wachilungamo akumudziwa, ndipo zotsatira za zaka ziwiri zakuuzani ngati ali munthu womupatsa makiyi.

Kwathu tinamaliza motere. Alamu anga anakamutula mnyamata ku Zomba pa lole yomwe ya mbatata ija, poti katundu anachuluka kuposa mmene ka Vitz kakanathera, ndipo pobwerera ananyamula mpunga ku Liwonde kuti mafuta asapite pachabe. Anamupezera chipinda cha mphindi khumi wapansi kukafika pageti la sukulu. Tinagwirizana kuti pa holide yaitali akalowe sukulu yoyendetsa atenge layisensi yeniyeni, aziyendetsa kuno bambo ake ali pambali.

Sabata yachitatu anandiimbira foni. "Amalume, mnzanga wa chipinda chinacho anabwera ndi Passo. Dzulo amuchotsa magalasi onse awiri, lero sanalowe m'kalasi, ali ku polisi."

"Nanga iwe uli kuti?"

"Ndikupita ku laibulale. Koma amalume, nsapato zija zayamba kutha kunsi."

Ndinamutumizira ya nsapato pa foni madzulo omwewo. Ka Vitz kakadali pansi pa mtengo, ndipo mlongo wanga wayamba kukaphunzira, akuti azipita nako ku msika wa pa Lizulu.